Singano ikalasa mwini ntchito: za hepatitis C m'zipatala

Usiku ntchito ya kuchipinda chochilira amayi imatha kuchuluka mosayembekezereka. Mzamba mmodzi akhoza kukhala ndi amayi atatu amene matenda awayamba nthawi imodzi, magetsi atathima, iye akuunikira ndi tochi ya pafoni. Pobaya jakisoni kapena posoka mayi amene wang'ambika pobereka, dzanja lotopa limaphonya pang'ono chabe, nsonga ya singano n'kuboola golovesi. Pachala pamatuluka kadontho ka magazi kochepa ngati njere ya mawere. Ambiri amangopukuta n'kupitiriza ntchito, poti mwana amene akubadwa sadikira.

Ngozi yotere ikhoza kugwera aliyense wogwira singano m'chigwa cha Domasi ndi madera oyandikana nacho, kaya pa Domasi Rural Hospital, pachipatala cha St Luke's ku Malosa, m'zipatala zing'onozing'ono zotsikira ku nyanja ya Chilwa, kapena ku Zomba Central Hospital kumene odwala kwambiri amatumizidwa. Siisankha udindo. Imagwera dokotala, namwino, wa kulabotale, mlangizi wa zaumoyo amene akupereka katemera kusikelo ya kumudzi, ngakhalenso wokolopa m'mawodi amene sanabayepo munthu jakisoni chibadwire.

Wolasidwa aliyense amayamba waganiza za HIV, ndipo nkhawa yakeyo n'njomveka m'dziko limene laika maliro ochuluka chifukwa cha Edzi. Njira yake n'njodziwikanso: kuyezetsa, kenako kuyamba kumwa mankhwala a PEP pasanathe maola 72 ndi kuwamwa kwa mwezi wathunthu. Koma kadontho ka magazi kotsalira m'singano kakhoza kunyamulanso tizirombo tina tiwiri towononga chiwindi, ta hepatitis B ndi hepatitis C. Mwa tizirombo titatuti, ka hepatitis C ndi kamene sikatchulidwatchulidwa, ndipo ndi kokhako kamene kalibe katemera komanso kalibe mankhwala omwa msangamsanga kuti munthu asakatenge.

Kachiromboka kanadziwika bwino mu 1989. Chisanafike chaka chimenecho, madokotala ankaona odwala ena akutupa chiwindi atalandira magazi, koma akawayeza osawapeza ndi hepatitis A kapena B. Akatswiri atatu, Harvey Alter, Michael Houghton ndi Charles Rice, analandira mphoto ya Nobel mu 2020 chifukwa cha ntchito yoululira kachiromboka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 50 miliyoni ali nako m'thupi, ndipo mu 2022 anthu pafupifupi 242,000 anamwalira nako.

Kuopsa kwake kuli pa kufatsa kwake. Anthu ambiri akangokatenga samva chilichonse. Ochepa amene amadwala amamva kutopa, nseru, kusafuna chakudya, mkodzo umada ndipo maso amachita chikasu, pakati pa masabata awiri ndi miyezi isanu ndi umodzi chitengereni. Kupatula chikasucho, zizindikiro zotere munthu wa kuno amaziwerengera malungo. Mwa anthu 100 alionse otenga kachiromboka, pafupifupi 30 thupi lawo limakagonjetsa lokha m'miyezi isanu ndi umodzi. Mwa otsalawo kamakhazikika m'chiwindi n'kumachidya pang'onopang'ono ngati chiswe mumtanda wa denga, ndipo pakati pa 15 ndi 30 mwa 100 alionse a iwo chiwindi chimadzachita zipsera n'kuuma m'zaka 20. Apo ndi pamene mimba imadzaza madzi, miyendo imatupa, ena amasanza magazi, ena imawagwira khansa ya chiwindi. Pamudzi matenda otere amanamiziridwa kachasu kapena kulodzedwa, ndipo palibe amene angaganize zoti gwero lake ndi kabala ka pachala ka zaka makumi awiri zapitazo.

Nanga chiopsezo cha kulasidwa kamodzi n'chachikulu bwanji? Kwa zaka zambiri mabuku a zachipatala ankati mwa anthu 100 olasidwa ndi singano ya wodwala amene ali ndi hepatitis C, pafupifupi awiri amakatenga. Mu 2020 bungwe la CDC la ku America linatsitsa chiwerengerochi, potsatira kafukufuku watsopano, kufika pa anthu pafupifupi awiri mwa 1,000 alionse. Pa HIV chiwerengero chake ndi atatu mwa 1,000. Pa hepatitis B ndi pakati pa 6 ndi 30 mwa 100 alionse kwa munthu amene sanalandire katemera. Choncho kachirombo kamene anthu amakaopa kwambiri sindiko kosavuta kutenga pa singano, ndipo kamene kamalowa mosavuta zedi ndi kamene kali ndi katemera wodalirika.

Ziwerengero zimenezi n'zongophatikiza, pakuti mabala amasiyana. Singano yobooka pakati, monga yotengera magazi kapena yoikira dilipi, imasunga magazi m'kati mwake, ndipo ikalowa mozama itangotuluka mumtsempha wa wodwala imakhala ngati yathira magaziwo m'thupi la wogwira ntchito. Singano yosokera ilibe bowo, motero imanyamula magazi ochepa, ndiponso golovesi amapukutako ena pamene nsonga ikudutsa. Kuchuluka kwa tizirombo m'magazi a wodwalayo nakonso kumawerengedwa, ndipo amene ali ndi HIV pamodzi ndi hepatitis C kawirikawiri amakhala nato tochuluka. Magazi ofalikira m'maso kapena m'kamwa ali ndi chiopsezo chochepa kwambiri, pamene ogwera pakhungu lopanda bala sapatsira. Chodetsa nkhawa china n'chakuti kachiromboka n'kolimba: m'magazi otsalira musirinji kakhoza kukhala ndi moyo kwa masabata angapo, kotero singano ya dzana yotayidwa m'zinyalala imaopsabe.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi kuchuluka kwa odwala amene ali ndi kachiromboka. Kafukufuku amene anachitika mumzinda wa Blantyre n'kusindikizidwa mu 2022 anapeza kuti akuluakulu pafupifupi awiri mwa 1,000 alionse ndiwo anali nako m'magazi, ambiri mwa iwo okalamba, zomwe zinachititsa ofufuzawo kuganiza kuti anakatenga kalekale. Hepatitis B ndiye wochuluka: m'tauni ya Ndirande anapezeka mwa akuluakulu pafupifupi asanu mwa 100 alionse. Tikaphatikiza kuchepa kwa odwala ndi kuchepa kwa mwayi wopatsirana, namwino wa ku Domasi amene walasidwa lero ali ndi chifukwa chokwanira chogonera tulo. Komabe chipatala si msika. M'mawodi mumasonkhana odwala, ndipo m'kafukufuku wa ku Blantyre yemwe uja kachiromboka kanapezeka mochulukirapo mwa odwala chiwindi chouma ndi khansa ya chiwindi, omwe ndi anthu otengedwa magazi ndi kuikidwa dilipi pafupipafupi.

Ndiponso wogwira ntchito salasidwa kamodzi kokha pamoyo wake wa ntchito. Kafukufuku wosonkhanitsa zopeza za m'maiko 21 a mu Africa, amene anatuluka m'magazini ya WHO mu 2017, anapeza kuti ogwira ntchito zaumoyo pafupifupi 36 mwa 100 alionse analasidwapo ndi singano kapena chida china chakuthwa m'chaka chimodzi chokha. Kwa munthu wogwira ntchito zaka 30, timabala timeneti timaunjikana. Akatswiri a WHO anawerengera kuti m'chaka cha 2000 chokha, zida zakuthwa zinapatsira hepatitis C ogwira ntchito zaumoyo 16,000 padziko lonse, hepatitis B 66,000, ndipo HIV pafupifupi 1,000.

Zimene singano ingachite pamtundu wa anthu zinaoneka ku Egypt. Kuyambira m'ma 1950 mpaka m'ma 1980 dzikolo linkalimbana ndi likodzo pobaya anthu miyandamiyanda jakisoni wa m'mitsempha, pogwiritsa ntchito masirinji agalasi amene sankawiritsidwa mokwanira. Likodzo linachepa, koma hepatitis C anafalikira mpaka Egypt inakhala patsogolo padziko lonse pa matendawa. Anthu olima mpunga m'madambo otsikira ku Chilwa amalidziwa likodzo, ndipo mwayi wawo n'ngwakuti masiku ano mankhwala ake ndi mapiritsi a praziquantel. Egypt yomweyo inadzayeza anthu ake mamiliyoni ambiri kuyambira mu 2018 ndi kuchiza opezeka nako, ndipo mu 2023 WHO inaizindikira kukhala dziko loyamba kufika pamlingo wapamwamba wa ulendo wothetsa matendawa.

Munthu akalasidwa, chofunika choyamba ndi madzi ndi sopo. Bala litsukidwe pampopi, lisiyidwe kutuluka magazi lokha, koma lisafinyidwe kapena kuyamwidwa, ndipo lisathiridwe jiki kapena mankhwala ena owotcha chifukwa amangowononga mnofu. Ngati magazi afalikira m'maso, atsukidwe ndi madzi oyera ambiri. Kenako mkulu wa pantchito adziwitsidwe nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, kuti za PEP zisachedwe. Wodwala mwini singano apemphedwe mwaulemu kuti ayezedwe tizirombo tonse titatu, ndipo wolasidwayo ayezedwenso m'masiku awiri oyamba. Kuyeza koyambaku sikuonetsa ngati watenga kachirombo pa ngoziyo ayi. Kumangosonyeza mmene magazi ake analili ngoziyo isanachitike, ndipo umenewu ndi umboni wofunika tsiku limene kudzafunike kutsimikiza kuti matenda anawatengera pantchito.

Pa hepatitis C chotsatira ndi kudikira kwa maso otsegula. Ngati wodwala uja wapezeka alibe kachiromboka, nkhani yathera pomwepo. Ngati ali nako, kapena singano inali ya m'zinyalala yosadziwika mwini wake, malangizo a CDC ndi akuti wolasidwa ayezedwe kachirombo kenikeniko m'magazi pakati pa masabata atatu ndi asanu ndi limodzi, kenako ayezedwenso pakati pa miyezi inayi ndi isanu ndi umodzi. Apa pali kusiyana kumene kumasokoneza ambiri. Kachida koyezera mwachangu kamangoona ngati thupi linakumanapo ndi kachiromboka, ndipo kamaonetsa choncho ngakhale kwa amene anachira kalekale, mwinanso kamanama kumene. Chotsimikiza ndi kuyeza kwa kulabotale kofufuza kachirombo kamoyo, kumene makina a GeneXpert, odziwika kuno pa ntchito yoyeza TB, amatha kuchita akakhala ndi katiriji yake. Munthu asalire maliro a chiwindi chake chifukwa cha mizere iwiri ya pakachida.

Wopezeka nako lero ali pabwino kusiyana ndi wa zaka 15 zapitazo. Kale chithandizo chinali jakisoni wa interferon kwa masabata ofika 48, wozunza thupi, ndipo ankachira ndi pafupifupi theka la odwala. Kuchokera mu 2013 kunabwera mapiritsi monga sofosbuvir, amene akaphatikizidwa ndi daclatasvir n'kumwedwa masabata 12 amachiza anthu oposa 95 mwa 100 alionse. Kuchira kwake n'kotheratu, osati kongogonetsa kachirombo ngati ma ARV. Koma kuchirako sikupereka chitetezo, ndipo singano ina ikhoza kumupatsiranso munthu yemweyo.

Ngozi zambiri zimachitika jakisoni atabayidwa kale. Chizolowezi chovundikiranso singano ndi manja awiri chavulaza anthu ochuluka, pakuti kachivundikiro n'kakang'ono ndipo chala chimakhala pafupi. Singano imayenera kugwera m'bokosi la zakuthwa pomwepo, bokosilo lili pofikira dzanja, ndipo litsekedwe likadzaza magawo atatu mwa anayi. Lodzaza mpaka kukamwa limasanduka msampha, ndipo wokodwa amakhala wonyamula zinyalala kupita nazo kong'anjo yowotchera, munthu amene kawirikawiri maphunziro a kapewedwe ka matenda samufika mokwanira. Singano yoiwalika m'nsalu za pabedi imadikira wochapa. Ophunzira unamwino amene ali pa ntchito yoyeserera nawo ali pachiopsezo chapadera: manja sanazolowere, ndipo akalasidwa amaopa kunena poganiza kuti awayesa osasamala. Mkulu wa wodi amene amakalipira wolasidwa amangophunzitsa ena onse kubisa.

Pali chinthu chimodzi chimene chili m'manja mwa wogwira ntchito aliyense ngozi isanagwe. Dziko la Malawi linayamba kupereka katemera wa hepatitis B kwa makanda mu 2002, zomwe zikutanthauza kuti anamwino ndi azamba ambiri amene ali pantchito lero anabadwa katemerayu asanayambe. Wamkulu amabayitsa katatu m'miyezi isanu ndi umodzi. Katemerayu sateteza ku hepatitis C, koma amachotsa choopsa chachikulu mwa zitatu zija, ndiponso amateteza chiwindi kuti chisakumane ndi adani awiri nthawi imodzi.

Chotsala ndi kaundula. Tsiku, ola, mtundu wa singano, kuzama kwa bala ndi zotsatira za kuyeza zimayenera kulembedwa m'buku la ngozi za pantchito, ndipo wolasidwayo asunge tsiku lobwereranso kulabotale m'buku lake la kuchipatala. PEP akatha pakutha pa mwezi, ambiri amaona ngati mlandu watha. Pa hepatitis C pamakhala patatsala kuyeza kwa mwezi wachinayi mpaka wachisanu ndi chimodzi.