Liwiro la Mumchenga: Kusankha Gulu ndi Matayala pa Mpikisano wa Magalimoto

Chilimwe chikafika ku Chiwamba, chimanga chitalowa m'nkhokwe ndipo fodya atapita ku msika wa ku Kanengo, misewu ya dothi imauma gwa, ndipo anyamata a kabaza amene amadikira okwera pansi pa mtengo sasowa nkhani. Mkangano wawo wa masiku onse ndi wa liwiro: njinga yamoto iti imathamanga koposa, ndi galimoto iti ingasiye inzake pa msewu wa ku Mchinji. Pa mkangano wotere aliyense amatama injini. Sikawirikawiri kumva munthu akutchula tayala, chonsecho ndi tayala lokha limene limakhudza pansi.

Kuli masewero ena otchedwa autocross, amene anthu wamba a ku Ulaya ndi ku America amachita ndi magalimoto awo a tsiku ndi tsiku. Ku America amaimika zizindikiro za pulasitiki pa bwalo lalikulu la tara, ndipo galimoto imodzi imodzi imakhotakhota pakati pa zizindikirozo, wina atagwira wotchi. Ulendo umodzi umatenga pafupifupi mphindi imodzi, ndipo wogwetsa chizindikiro amamuwonjezera masekondi 2 pa nthawi yake. Ku Britain amachitira pa bwalo la udzu kapena la dothi, lofanana ndi mabwalo a mpira a ku Nsaru kapena ku Kabudula. Wachinyamata amene watsiriza sukulu, naphunzira umakaniko, ndipo mtima wake uli pa masewerowa, ayenera kuweruza zinthu ziwiri asanalize injini: gulu loti alowe, ndi matayala oti aveke galimoto yake. Akalakwitsa pamenepa, amataya ndalama, mwinanso moyo.

Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Nzeru imeneyi ndiyo inabala magulu a mpikisano, pakuti palibe chokoma kuona galimoto yaing'ono ngati Toyota Vitz ikulimbana ndi galimoto yopangidwira mpikisano. Pamene mpikisano wotchuka wa Safari unayamba mu 1953, kudutsa m'maiko a Kenya, Uganda ndi Tanganyika pokondwerera kulongedwa ufumu kwa Mfumukazi Elizabeth II, magalimoto anagawidwa m'magulu malinga ndi mtengo wake wa m'sitolo, kuti wosauka apikisane ndi wosauka mnzake. Masiku ano okonza mipikisano amayang'ana zinthu zitatu: kukula kwa injini, matayala amene injiniyo imazunguza, kaya akutsogolo, akumbuyo kapena onse 4, ndiponso kuchuluka kwa zimene mwini galimoto wasintha chichokereni ku fakitale.

Pa mfundo yachitatuyi ndi pamene pali msampha. Mnyamata akapeza ndalama za soya kapena za fodya amafulumira kusintha masipuling'i, kuchotsa mipando ndi kukuza mphamvu ya injini, poganiza kuti akudziwonjezera mwayi. Tsono pofika pa tsiku la mpikisano, oyendera magalimoto amamuchotsa m'gulu la magalimoto wamba ndi kumuika m'gulu la osinthidwa, kumene amakakumana ndi anthu odziwa kale, a matumba olemera kuposa lake. Motero amakhala atalipira ndalama zake zomwe kuti akhale womalizira. Woyamba kumene awerenge malamulo a gulu asanagule chitsulo chilichonse, ndipo alowe gulu lotsikitsitsa limene galimoto yake ikuloledwa, pakuti kumeneko n'kumene luso la woyendetsa limaoneka poyera.

Mbiri ikuchitira umboni kuti ndalama si zonse. Mu 1965 Joginder Singh wa ku Kenya pamodzi ndi mbale wake Jaswant anapambana Safari ndi galimoto ya Volvo PV544 imene inali itathamanga kale mpikisano womwewo chaka chapitacho. Iwo anaikonza ndi manja awo, ndipo inasiya m'mbuyo magalimoto atsopano, kaamba koti eni ake ankadziwa galimoto yawo ndi misewu ya kwawo.

Gulu likadziwika, nkhani imatsala pa matayala. Mu 1888 John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto wa ku Belfast, anapangira njinga ya mwana wake tayala lopopa mpweya. Chaka chotsatira, Willie Hume analowa nalo mpikisano wa njinga mu mzinda womwewo, anzake onse ali pa matayala a mphira wouma, ndipo anapambana mipikisano yonse 4 imene analowa. Miyendo ya Hume sinasinthe ayi. Chinasintha ndi chimene chinali pakati pa njinga ndi nthaka. Pa galimoto nayonso, tayala lililonse limakhudza pansi pa malo osaposa kwenikweni chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo mphamvu yonse ya injini, ya mabuleki ndi ya chiwongolero imadzera pa zikhatho 4 zimenezo.

Tayala limadzifotokoza lokha kwa wodziwa kuwerenga. M'mbali mwake mukalembedwa 175/70 R13, ndiye kuti m'lifupi mwake ndi mamilimita 175, msinkhu wa khoma lake ndi magawo 70 pa 100 a m'lifupimo, ndipo limalowa pa limu ya mainchesi 13. Palinso manambala 4 osonyeza tsiku lobadwa: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Nambala ina, yolembedwa pafupi ndi mawu oti treadwear, imasonyeza kulimba kwa mphira. Ikakhala yaing'ono, mphira wake ndi wofewa, amagwira tara mwamphamvu koma amatha msanga. Bungwe la SCCA la ku America limalamula kuti m'gulu la magalimoto wamba nambalayi isachepere 200, kotero kuti tayala lokha likhoza kumsamutsa munthu gulu, injini asanaikhudze n'komwe.

Komatu palibe tayala lopambana pa nthaka iliyonse, ndipo pamenepa mwana wa mlimi ali ndi mwayi, pakuti dothi amalidziwa. Pa tara youma pamafunika tayala lalifupi m'khoma, lotambalala, la mizere yosazama. Katondo wa m'chigwa cha Lilongwe amalimba ngati njerwa m'chilimwe, koma pamwamba pake pamakhala fumbi ndi timiyala, choncho amafuna tayala lopapatiza, la mano okumba mpaka kupeza polimba, ndi la khoma lochindikala loti mwala usaling'ambe. Katondo yemweyo mvula yoyamba ikagwa amaterera ngati therere. Makande a kudambo amamatirira, nadzaza mizere mpaka tayala kusanduka chigubu chosalala, motero amafuna mano otalikirana amene amalavula matope tayala likamazungulira. Wanzeru amayamba wayenda pansi pa bwalo lonse, kupalasa dothi ndi phazi, asanasankhe.

Mpweya nawo ndi mbali ya chisankho, ndipo sulira ndalama. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri amayenda ndi mpweya wa pafupifupi 30 psi, ndipo mlingo weniweni umalembedwa pa chimata cha pakhomo la woyendetsa. Mpweya uyesedwe tayala lili lozizira, chifukwa ukatentha umakula mphamvu, monga ana a Folomu 3 amaphunzirira m'kalasi la sayansi. Mumchenga kuchepetsako mpweya kumathandiza tayala kuyandama, koma pa nthaka yolimba tayala lofewa limapindika pokhota, mwinanso kuvuuka pa limu, galimoto n'kugubuduka. Othamanga odziwa amalemba mzere wa choko pa phewa la tayala, pamene mizere yathera. Chokocho chikafufutika mpaka kutsikira m'khoma pambuyo pa ulendo umodzi, ndiye kuti tayala likupindika ndipo lifuna mpweya wowonjezera.

Chenjezo lalikulu lili pa matayala ogwiritsidwa kale ntchito, amene ali mbwee m'misika ya mu Lilongwe. Magalimoto ena ochokera ku Japan amafika atavala matayala a nyengo ya chipale, amene mphira wake anapangidwira kuzizira. Pa dzuwa la mu Okutobala matayala otere amafewa mopitirira, amatha msanga, ndipo galimoto imachedwa kuima. Ena amaoneka a mizere yakuya, koma mphira wake ndi wokalamba, wa ming'alu m'khoma. Opanga matayala amalangiza kuti tayala lisapitirire zaka 10 ngakhale likuoneka labwino, ndipo mizere ikafika pa mamilimita 1.6 ntchito yake yatha. Kwa wa ndalama zochepa, matayala 4 wamba, atsopano ndi ofanana, amaposa matayala a mpikisano otha kale, osiyana mitundu.

Mfundo zonsezi zimagwiranso ntchito pa njinga yamoto ndi pa njinga yakapalasa. Mphunzitsi wokonza mpikisano wa njinga pa bwalo la sukulu angachite bwino kupatula njinga za katundu ku njinga za magiya, ndi kuyendera matayala onse ana asananyamuke. Malo a mpikisano ndi bwalo lotchingidwa, lololedwa ndi eni ake, oonerera ataima patali, woyendetsa atavala chipewa cholimba ndi kumanga lamba. Msewu wa ku Namitete ndi wa ngolo, wa amayi osenza nkhuni ndi wa ana opita kusukulu, ndipo malamulo a pamsewu salola mpikisano pamenepo popanda chilolezo. Pajatu kuthamanga sikufika.

Gawo lotsatira lidzalongosola za mabuleki ndi kakhotedwe ka galimoto pa nthaka yoterera.