Atelala a pa Kande ndi manja osoka mbendera

Ku Haiti mwana wasukulu aliyense amadziwa dzina la Catherine Flon, mayi amene akuti ndiye anasoka mbendera yoyamba ya dzikolo ku Arcahaie pa 18 Meyi 1803, akapolo atagalukira Afalansa. Ku America amatchula Betsy Ross wa ku Philadelphia, ngakhale akatswiri a mbiri amakayika chifukwa nkhaniyo inatuluka mu 1870 kudzera mwa mdzukulu wake, mwiniwakeyo atamwalira kalekale. Yoona kaya yokometsera, mayikowa anaona kuti wogwira singano ndi woyenera kumukumbukira.

Ife kuno timaloweza kuti pa mbendera yathu chakuda ndi anthu, chofiira ndi magazi, chobiriwira ndi dziko, ndipo dzuwa lotuluka ndi ufulu wa pa 6 Julayi 1964. Za amene anadula nsalu zitatuzo n'kuzilumikiza, m'kalasi sitimva. Ku Nkhata Bay chofiiracho si nthano: pa 3 Malichi 1959 asilikali anaombera anthu padoko, pamene sitima ya Mpasa inali itanyamula omangidwa. Orton Chirwa, amene anayambitsa Malawi Congress Party chaka chomwecho, anali wa m'boma lino la Nkhata Bay, ndipo mitundu ya mbendera ya dziko inachokera ku ya chipanicho.

Pa Kande, m'boma lomweli, m'mbali mwa msewu wa M5, atelala amakhala pakhonde la sitolo kapena la nyumba, makina opalasa ndi phazi ali patsogolo, tepi ili m'khosi, choko ndi sizasi pambali, simbi ya makala ikufuka. Makina otere amawakonda chifukwa magetsi akazima ntchito siima, ndipo lamba akaduka amalumikiza okha. Ambiri luso analitenga pokhala pansi pa telala wamkulu: kuyamba ndi kusita, kutunga mabatani, kupinda m'mphepete, mpaka tsiku limene bwana adzakukhulupirire kuti udule nsalu ya kasitomala. Kudula ndiye mtima wa ntchitoyi. Msoko wokhota umasomoledwa, koma chitenje chodulidwa molakwa ulipira ndiwe. Ena masiku ano amadzera m'maphunziro a TEVETA n'kutuluka ndi pepala.

Ndalama zawo zimayenda ndi nyengo. Sukulu zikamatsegulira mu Sepitembala, yunifolomu zimaunjikana mpaka kusoka ndi nyale. Usipa ukagwidwa bwino, akazi a asodzi amabwera ndi zitenje zatsopano. Mwera ukalimba m'miyezi yozizira, pakhonde pamangobwera zigamba ndi mazipi. Pali zovala za amayi a Umanyano a CCAP, mpingo umene mizu yake ili pafupi pomwepa, pa Bandawe, pamene amishoni a Livingstonia anakhazikika mu 1881. Pali maukwati, makwaya, ndi alendo ogona ku Kande Beach ofuna thalauza kapena chikwama cha chitenje asanakwere galimoto m'mawa. Kaunjika anawalanda makasitomala ambiri osoketsa zatsopano, koma anawabweretsera ntchito ina yochepetsa ndi kufupikitsa, yomwe malipiro ake ndi ochepa zedi poyerekeza ndi nthawi imene imadya.

Ndale za dziko lino zadutsa pansi pa singano zawo kuposa mmene timaganizira. Nthawi ya Kamuzu, ndi atelala amene ankasoka zovala za mbumba kuchokera ku nsalu ya nkhope yake, ndipo lamulo la kavalidwe la 1973, loletsa amayi thalauza ndi siketi zazifupi, linkatsatidwa ndi tepi ya telala poyeza kuti bondo labisika. Zipani zitachuluka, makina omwewo asoka zachikasu za UDF, zabuluu za DPP ndi zalalanje za PP, telala osafunsa kuti mwini nsalu avotera ndani. Mu 2010 boma la Bingu wa Mutharika linasintha mbendera n'kuika dzuwa loyera lathunthu. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo, Joyce Banda ali pampando, inabwezeretsa yakale. Mkangano wonsewo unali wa ndale, ndipo za osoka panalibe amene analankhula.

Chimandiwawa n'chakuti mbendera zing'onozing'ono, zipewa ndi masikafu a mitundu yathu amene amagulitsidwa Flames ikamasewera, ambiri ndi ochita kudindidwa kufakitale. Masukulu ndi maofesi a ku Chintheche, Kande ndi Tukombo amafuna yunifolomu, makatani ndi nsalu za patebulo chaka ndi chaka. Ntchito imeneyo akanamaipereka kwa atelala a m'dera lomwelo, pa mtengo wogwirizana poyera komanso kulipira pa nthawi yake.