Buku la Denga Lodontha

M'chaka cha 1972, pafupi ndi mzinda wa Hillerød m'dziko la Denmark, mabanja 27 adakhazikitsa mudzi wotchedwa Sættedammen. Banja lililonse lili ndi nyumba yakeyake, koma palinso nyumba ya onse momwe amasonkhana ndi kudyera pamodzi. Makhalidwe otere adafalikira mpaka ku Amereka, kumene mudzi wa Muir Commons, mumzinda wa Davis, udatsegulidwa m'chaka cha 1991.

M'midzi yotere mulibe mwininyumba wolamula. Eni ake amasonkha ndalama, nagwirizana pamsonkhano zoti achite. Tsono denga la nyumba ya onse likayamba kudontha, pamabuka mafunso: kodi adalikonza komaliza ndani? Liti? Padalowa ndalama zingati?

Mayankho ake ali m'buku lolembamo zonse zokonzedwa. Bukulo likatsekeredwa m'kabati ya msungichuma, ngakhale iye akhale wokhulupirika chotani, manong'onong'o sachedwa. Wosonkha amayamba kuumira, poganiza kuti ndalama zake zikudyedwa. Amene wangosamukira kumene sadziwa kuti mipope ya madzi idakalamba, ndipo akamva za chopereka china amaona ngati akumubera.

Koma bukulo likakhala poyera, pamodzi ndi malisiti ake, aliyense amadziwerengera yekha kuti makina ochapira adakonzedwapo katatu, nazindikira kuti kugula ena si kumwaza chuma. Msungichuma nayenso amagona tulo, pakuti zolembedwazo zimamchitira umboni.

Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Komatu osenzawo amafuna kudziwa kulemera kwake asanaikepo mitu yawo.