Ruo Akakwiya, Sitima ya ku Makhanga Inkaima

Njanji yochoka ku Limbe kulowera kuchigwa cha Shire ndiyo yakale kuposa zonse m'Malawi. Sitima inayamba kufika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje. Ikapitirira Luchenza, njanjiyi imatsika motsata mtsinje wa Ruo, kudzera ku Sandama ndi Thekerani mpaka ku Makhanga, n'kukaoloka Shire pa Chiromo. Amisiri anatsata mtsinje poti sitima siitha chikweza, ndipo m'mbali mwa madzi ndimo mumapezeka malo oyalako bwino. Tsoka la njanjiyi linagona pomwepo.

Ruo amachokera m'phiri la Mulanje, kumene mvula imagwa yosakata. Akadzaza, amathira mu Shire mwaukali pa Chiromo, mpaka madzi a Shire amabwerera m'mbuyo n'kusefukira m'dambo la Elephant Marsh. Pamalo otere njanji imayalidwa pamwamba pa chimulu chachitali cha dothi, ndipo chimulucho chimatchinga madzi ngati damu. Mu 1997 madzi anachiboola pakati pa Bangula ndi Chiromo, pamalo amene anthu amati pa Mtayamoyo (dzina lokhalo likunena zambiri). Kuyambira pamenepo sitima ya anthu inkathera pa Makhanga, ndipo wopita ku Bangula kapena ku Nsanje ankatsika n'kukalipira bwato. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 anadulanso njanjiyo m'malo ena, ulendo wa ku Makhanga nawonso n'kuima.

Kuti sitima iime, sipafunika kuti njanji imire. Madzi othamanga amayamba akokolola miyala imene imagwira njanji, kenako n'kumadya dothi la pansi pake. Akaphwera, munthu amapeza zitsulo ziwiri zili lende m'malere, pansi pali chigwembe. Izi n'zapafupi, chifukwa zimaoneka. Choopsa ndi chimulu chimene chamwa madzi koma pamwamba chili bwinobwino, kapena mlatho umene madzi afukula patsinde pa zipilala zake. Sitima ndi yolemera ndipo siima msanga, choncho dalaivala akaona vuto amakhala atachedwa kale. N'chifukwa chake mvula yamphamvu ikagwa, oyendera njanji amatsogola, sitima n'kumatsatira mwapang'onopang'ono kapena osanyamuka n'komwe. Nthawi zina chotchinga chimakhala matope ndi zinyalala zimene zatseka makalavati.

Basi ikapeza mlatho utaduka imazungulira njira ina, koma njanji ya m'Malawi ndi mzere umodzi. Mtsinje wa Rivirivi utakokolola mlatho kufupi ndi Balaka mu 2003, Salima ndi Lilongwe anakhala opanda sitima pafupifupi zaka ziwiri chifukwa cha malo amodzi okhawo.

Amene zimawapweteka kwambiri ndi a m'midzi ya m'mbali mwa Ruo, kumene misewu imavuta m'dzinja. Kwa iwo sitima inali msika woyenda: mikoko ya nthochi inkakwera kupita ku Limbe, mchere ndi sopo n'kumatsika, amayi akugulitsa zakudya pamawindo sitima ikangoima pa siteshoni. Koma matikiti a anthu otere sabweretsa ndalama zambiri. Njanji ya ku Nacala, imene imanyamula malasha a ku Moatize, ikaduka siichedwa kukonzedwa, pamene pa Mtayamoyo panadutsa zaka zoposa 20 anthu akuolokabe pa bwato.