Suntha, lumanda ndi impwa: kodi mlendo sangadye zowawa?

Tsiku limene Abambo abwela kudzacita Misa ku kachalichi kathu ka kumudzi, azimai a mphakati amadzuka mbandakuca. Nkhuku imafa, mpunga uphikidwa, ndipo mnyamata atumidwa pa njinga kukagula kabichi kumsika wa pamseu. Zonsezi n'zabwino, mlendo ayenela ulemu. Koma mukazungulila kuseli kwa khichini mudzapeza kamphika kovundikila bwino, ndipo m'menemo muli suntha yotendela imene azimai omwewo adzadya okha alendo akapita. Mukafunsa cifukwa cake sinafike pathebulo, yankho ndi limodzi: "Aa, zowawa zija tingapatse Abambo?"

Ife tiona kuti nkhani yagona pamenepa. Ndiwo zimenezi sitinazisiye cifukwa cakuti n'zoipa ai. Tacita nazo manyazi, ndipo ana athu akula osaona kaphikidwe kake. Mtsikana amene azolowela lepu akapatsidwa suntha adzaikazinga m'saladi mphindi zisanu, adzalawa, adzalavula, ndipo kucokela tsiku limenelo adzauza anzake kuti siidyeka. Mlandu si wa suntha.

Tiyambe ndi iyo yomwe. Suntha, imene Acewa ambili aicha luni ndipo anzathu Abemba aicha lubanga, ili ndi tsamba logawika ngati zala za dzanja, maluwa oyela ndi fungo lamphamvu. Imakonda pambali pa khola la ng'ombe ndi padzala, pamene nthaka ili ndi manyowa. Cinsinsi coyamba cili pothyola. Thyolani nsonga zanthete isanacite maluwa, ndipo cotsani timapesi. Mukamathyola nsonga motelo mtengo wake umacita nthambi zambili, ndiye kuti mudzathyolanso sabata yamawa. Masamba okhwima ndi amene amawawa kopitilila.

Caciwili, suntha siifuna wothamanga. Iwile m'madzi mpaka ifewe ndithu. Ngati m'nyumba muli ana osazolowela, tayani madzi oyamba, kapena isakanizeni ndi bondwe olo cibwabwa kuti kuwawa kucepe. Pambuyo pake ikani matimati, mcele ndi nsinjilo zokwanila, osati zongowaza ngati mankhwala. Vundulani, cepetsani moto, isiyeni ibwate pang'onopang'ono mpaka nsinjilo zipse. Nshawa ndi zimene zimagwila kuwawa kuja n'kukusandutsa kukoma kumene kumatsala kukhosi. Amene anaidyapo yogona, yofunditsa m'mawa, adziwa kuti tsiku laciwili imaposa loyamba. Tinene poyela kuti kwa ife suntha yopanda kuwawa konse si suntha. Kakuwawa kaja ndi kamene kamacititsa munthu kupempha nsima ina.

Lumanda ndi yosiyana. Iyo siiwawa koma ndi yowawasa, ngati mwafinyilamo ndimu. Ina ili ndi masamba ofiila, ina obiliwila, ndipo simafunika kuisamala kwambili. Pafupi ndi mpanda kapena kuseli kwa bafa imakula yokha. Imapsa msanga. Ambili amathila kacidulo pang'ono kuti kuwawasa kutsike, ndipo mudzaona mphika ukucita thovu ndi mtundu wa masamba ukusintha. Mukatendela ndi nsinjilo mupeza ndiwo yolemela, yosalala, imene imayenda bwino ndi nsomba youma kapena kapenta. Alimi anzathu kumbukilani izi m'miyezi ya mvula, pamene matimati amaola m'munda ndipo mtengo wake ukwela pamsika: kamanja kamodzi ka lumanda mumphika wa kapenta kamagwila nchito imene tomato akanagwila.

Impwa zokha ndizo zikali ndi mwai, pakuti muzipezabe pa Soweto ku Lusaka ndi pa Kapata ku Chipata. Koma nazonso anthu amaziononga pothyola mocedwa. Zikayamba kufiila zakhwima, khungu lauma, njele zaculuka, ndipo zimenezo n'zambeu basi. Zodya ndi zoyela kapena zobiliwila. Ziduleni pakati, ziponyeni m'madzi a mcele kuti zisade, kenako zikazingeni ndi anyezi ndi matimati, kapena ziponyeni mu nyemba zikatsala pang'ono kupsa. Ana aphunzitsidwe kusiyanitsa impwa ndi nthula za kuthengo, pakuti zija sizidyedwa.

Pa katapa, masamba a cinangwa, tingocenjeza cimodzi. Ali ndi ululu akakhala aawisi. Asinjeni bwino mumtondo ndipo awile nthawi yaitali, poto wosavundikila. Apa palibe cidule.

Tsopano tikambe za soda, cifukwa apa tilakwa ambili, ndi ife olemba tomwe. Agogo athu anali kuotcha zitsononkho za cimanga, mapesi a nyemba kapena makoko a nshawa, phulusa lake n'kuika m'cikombe coboola, n'kuthila madzi kuti adonthe. Ndico cidulo. Anali kuyesa ndi lilime ndipo anali kudziwa polekezela. Lelo tigula soda wa m'kapepala ndi kuthila ndi sipuni yonse kuti ndiwo zipse msanga, makala asathe. Ndiwo zimafewadi, koma zimakoma sopo, ndipo soda woculuka amaononga mavitamini ena, makamaka C ndi B1. Thelele lifuna pang'ono, lumanda pang'ono. Suntha, bondwe ndi impwa sizifuna konse ngati mwathyola zanthete.

Wina anganene kuti iyi ndi nkhani ya m'khichini cabe, yosayenela tsamba la nyuzipepala. Ai. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Zambia ndi opinimbila. Ana amenewa sali kutali. Ndi omwe timanyamula kupita nao ku sikelo. Masamba obiliwila kwambili monga suntha, bondwe ndi kalembula ali ndi zimene thupi limapangila vitamini A, ndiponso ali ndi ayironi wothandiza magazi. Kabichi woyela amene timalemekezela alendo safika pamenepo. Nsinjilo nazo zimaonjeza mafuta amene athandiza thupi kutenga vitamini A ameneyu. Agogo sanali kudziwa maina awa, koma mphika wao unali wolondola.

Ndipo sitinaiwale 2024. Pa 29 February caka cimeneco Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a cimanga ataonongeka pa 2.2 miliyoni amene analimidwa. Sitinama kuti suntha imamela popanda madzi. Koma cimanga cifuna miyezi, pamene suntha muyamba kuthyola patapita masabata 4 mpaka 6, ndipo siifuna kuti mupite kusitolo. Lepu ndi kabichi zifuna mbeu yogula caka ndi caka, feteleza, ndi mankhwala opopela nsabwe ndi mbozi. Nyumba imene inali ndi mfutso m'cikwatu caka cija inali ndi poyambila ikapeza kaufa.

Mfutso nao uli ndi luso lake. Masamba awilitsidwe pang'ono cabe, ayanikidwe pamphasa yoyela pamalo opita mphepo, kutali ndi nkhuku ndi fumbi, ndipo akauma gwa amangidwe m'masamba a msuku kapena m'thumba louma. Amai Sylvia Banda a ku Lusaka anapanga bizinesi yodziwika pogula ndi kugulitsa ndiwo zoumitsa zacikhalidwe, zomwezi zimene ife tibisa kuseli kwa khichini. Anthu a m'tauni amazigula m'mapaketi.

Cimene citidetsa nkhawa kwambili ndi mbeu. Kale ndiwozi zinali kudzimelela zokha pakati pa cimanga ndipo wopalila anali kuzisiya dala. Tsopano ambili tipopela mankhwala opha udzu, ndipo mankhwala sasankha kuti uyu ndi udzu, uyu ndi bondwe. M'midzi ina suntha yatsala kwa agogo mmodzi kapena awili. Tipempha atsogoleli a miphakati ndi a magulu a azimai kuti pamsonkhano wotsatila aliyense abweletse kambeu kamene ali nako, mugawane, ndipo agogo aphike pamaso pa atsikana. Za suntha, siyani mitengo iwili kapena itatu icite maluwa, dikilani tinyemba take tisanduke tacikasu, tithyoleni tisanaphulike, pukusani ndi kusunga m'botolo louma. Musafese nthawi yomweyo, cifukwa mbeu yatsopano imamela mwapatalipatali; imene yagona miyezi ingapo ndiyo imamela bwino mvula yoyamba ikagwa.