HELIKOPITA ZA NKHONDO ZA M'TSOGOLO: ZIMENE MABOMA AFUNA KUTI ZIZICHITA

Usiku wa pa 24 Epulo 1980, helikopita 8 za nkhondo za dziko la Amereka zidanyamuka pa sitima yapamadzi yotchedwa Nimitz kulinga ku chipululu cha dziko la Iran, ndi cholinga chokaombola Aamereka oposa 50 amene adagwidwa ukapolo mu mzinda wa Tehran. Imodzi idatsala panjira chifukwa phiko lake lidaonetsa zizindikiro za kung'aluka, ina idabwerera itasokonezeka ndi chimphepo cha fumbi, ndipo yachitatu idafika ili yowonongeka. Pakuti ntchitoyo idafuna helikopita 6 koma zabwino zidatsala 5, Pulezidenti Jimmy Carter adalola kuti ulendo ulephereke. Pokonzekera kubwerera, helikopita ina idagunda ndege yonyamula mafuta, ndipo asilikali 8 adafera pomwepo.

Kuyambira tsiku limenelo akuluakulu a nkhondo akhala akufunsa funso limodzi: kodi nkutheka kupanga chombo chotera paliponse ngati helikopita, koma chothamanga ndi kupita kutali ngati ndege? Lero maboma a Amereka ndi a ku Ulaya ali pa ntchito yoyankha funsoli ndi ndalama zambirimbiri za misonkho.

NTCHITO YA HELIKOPITA YAPAKATI

Helikopita za nkhondo zili m'magulu atatu. Zazing'ono nzozonda adani, zazikulu nzonyamula mizinga ndi magalimoto, koma zapakati ndizo zimasenza ntchito ya tsiku ndi tsiku: kutula gulu la asilikali pamalo pankhondo, kuwapititsira chakudya ndi zipolopolo, ndi kuchotsa ovulala. Pa nthawi ya mtendere ndizonso zimapulumutsa anthu pa ngozi, monga zidachitira helikopita za Oryx za ku South Africa m'chaka cha 2000, pamene zidatsitsa anthu zikwizikwi m'mitengo ndi pa madenga madzi atasefukira ku Mozambique.

Ku Amereka ntchito imeneyi ili m'manja mwa Black Hawk, yopangidwa ndi kampani ya Sikorsky, imene idauluka koyamba mu 1974 ndi kulowa usilikali mu 1979. Imanyamula asilikali 11 ndi zida zawo, ndipo paulendo imathamanga pafupifupi makilomita 280 pa ola. Yatumikira mokhulupirika, koma nzeru zimene adaipangira nza nkhondo ya ku Vietnam, kumene malo omenyera sadatalikirane. Tsopano maso a Amereka ali ku nyanja ya Pacific, kumene chilumba ndi chinzake zimatalikirana makilomita mazanamazana, ndiponso mizinga ya adani imafika kutali kotero kuti misasa iyenera kumangidwa kumbuyo kwambiri.

CHIFUKWA CHAKE HELIKOPITA SITHAMANGA

Munthu angaganize kuti kuonjezera mphamvu ya injini nkokwanira, koma chopinga chili pa mapiko ozungulira aja. Helikopita ikamapita kutsogolo, phiko limene likuzungulira cholinga kutsogolo limakumana ndi mphepo yochuluka, pomwe la mbali inayo, limene likubwerera kumbuyo, limapeza mphepo yochepa. Liwiro likakula, nsonga ya phiko loyambalo imayandikira liwiro la phokoso, ndipo lobwereralo limalephera kunyamula, kotero kuti chombo chimanjenjemera ndi kupendekeka. Nchifukwa chake mbiri ya liwiro la helikopita wamba, makilomita 400 pa ola, imene Westland Lynx ya ku Britain idapanga mu 1986, yakhala zaka makumi angapo osaphwanyidwa.

Amisiri apeza njira zingapo zozembera chopingachi. Ina ndiyo kuika mapiko okhazikika monga a ndege, ndi mapiko ozungulira kunsonga kwake, amene amaloza kumwamba ponyamuka ndi potera, kenaka nkuweramira kutsogolo paulendo. Ina ndiyo kusanjikiza mapiko ozungulira awiri, ena pamwamba pa anzake, oyenda mosemphana, ndi kuika chokankhira kumchira.

ZIMENE AMEREKA ADAPEMPHA

M'chaka cha 2019 gulu la nkhondo lapamtunda la Amereka lidalengeza zimene lidafuna pa chombo cholowa m'malo mwa Black Hawk, pa ntchito yotchedwa FLRAA. Liwiro lapaulendo lisachepere makilomita 460 pa ola, ndipo likafika 520 ndiye bwino koposa. Chithe kupita makilomita 370 kapena kufikira 555, kugwira ntchito ndi kubwerera osamwetsedwanso mafuta. Chinyamule asilikali 12. Mtengo wa chimodzi ukhale pafupifupi madola 43 miliyoni.

Padali lamulo linanso limene anthu wamba saliganizira: chombo chithe kuima malo amodzi m'mlengalenga pa mtunda wokwera mamita 1,830 kutentha kuli pa madigiri 35. Mpweya wa kumapiri ndi wa malo otentha ndi wopepuka, tsono injini imafooka ndipo mapiko sagwira bwino. Black Hawk adaiyesera pa mamita 1,220 okha, ndipo m'mapiri a Afghanistan oyendetsa adakakamizika kaŵirikaŵiri kuchepetsa anthu ndi katundu kuti anyamuke.

Makampani awiri adapikisana. Bell idabwera ndi V-280 Valor, ya mapiko oweramira kutsogolo, imene idauluka koyamba mu Disembala 2017 ku Amarillo m'chigawo cha Texas, ndipo poyesedwa idapitirira makilomita 555 pa ola. Sikorsky pamodzi ndi Boeing adabwera ndi Defiant, ya mapiko osanjikiza, imene idauluka mu 2019 nifika pafupifupi makilomita 457 pa ola. Pa 5 Disembala 2022 Boma lidasankha Bell.

Sikorsky idadandaula ku ofesi yoona za kayendetsedwe ka chuma cha Boma, yotchedwa GAO, ndipo padaoneka kuti mtengo wake udali pafupifupi theka la mtengo wa Bell. Koma mu Epulo 2023 dandaulolo lidakanidwa, chifukwa kampaniyo sidalongosole mokwanira kamangidwe ka makompyuta ndi zipangizo za m'kati mwa chombo. Boma lidalimbikira kuti kamangidwe kameneka kakhale kotseguka, kuti mawa likafuna kusintha wailesi kapena chida chozondera, lithe kugula kwa aliyense wotsika mtengo, osamangika kwa kampani imodzi zaka 40. M'chaka cha 2025 chombocho chidapatsidwa dzina lausilikali la MV-75, ndipo kudalengezedwa kuti gulu la 101st Airborne ndilo lidzayamba kuchilandira.

ZIMENE A KU ULAYA AFUNA

Maiko a NATO nawonso ali ndi helikopita zapakati zambiri, monga Puma, Merlin ndi NH90, zimene moyo wake udzatha pakati pa 2035 ndi 2040. Mu 2020 France, Germany, Greece, Italy ndi Britain adagwirizana kufunafuna cholowa m'malo mwake, pa ntchito yotchedwa NGRC. Netherlands idasaina nawo pangano la mu 2022, ndipo Canada idalowa pambuyo pake.

Zofuna zawo zoyamba zidali izi: ulendo woposa makilomita 1,650 osamwetsedwa mafuta, liwiro la makilomita 407 pa ola, koma losachepera 333, asilikali 12 kufikira 16, kulemera kwa matani 10 kufikira 17, mtengo wosapitirira mayuro 35 miliyoni, ndiponso kuti pa zombo 4 zilizonse, 3 zikhale zokonzeka kuuluka tsiku lililonse. Lamulo lomalizali lidabadwa ndi zowawa, pakuti NH90 idakhumudwitsa maiko ena chifukwa chokhalitsa m'magalaja, kufikira Norway idaleka kuigwiritsa ntchito mu 2022 ndi Australia mu 2023. Mu Julayi 2024 makampani a Airbus, Leonardo ndi Sikorsky adapatsidwa ntchito yojambula maganizo awo.

Apa paoneka kusiyana kwa malo. Aamereka aika liwiro patsogolo chifukwa cha kukula kwa nyanja, pomwe ambiri a ku Ulaya, amene malire awo ngoyandikana, afunsa ngati liwiro loonjezeralo liyenerana ndi mtengo wake.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Liwiro lili ndi malipiro ake. Chombo cha mapiko oweramira kutsogolo chili ndi magiya ndi zitsulo zozungulira zambiri, ndipo chilichonse chifuna kusamalidwa. V-22 Osprey, imene idapangidwa chifukwa cha phunziro la ku Iran lija, yaonetsa ubwino ndi kuopsa kwa njirayi. Pa 29 Novembala 2023 imodzi idagwera m'nyanja pafupi ndi chilumba cha Yakushima ku Japan giya itasweka, asilikali 8 nafa, ndipo zonse zidaimitsidwa kufikira Malichi 2024. Pa MV-75 amisiri asintha zina: injini sizitembenuka monga pa Osprey, koma mapiko ozungulira okha, ndipo asilikali amatulukira m'makomo a m'mbali monga adazolowera pa Black Hawk. Komabe chomboco nchotambalala kuposa Black Hawk, ndipo m'nkhalango kapena m'misewu yopapatiza ya m'mizinda zimenezi zidzayesedwa.

Nkhondo ya ku Ukraine, imene idakula mu 2022, yaonjezera nkhawa ina. Helikopita zambiri zagwetsedwa ndi mizinga yonyamula paphewa, ndipo ntchito yozonda yatengedwa ndi tindege totsika mtengo topanda woyendetsa. Poona zimenezi, mu Febuluwale 2024 Amereka idathetsa ntchito yopanga helikopita yatsopano yozondera, yotchedwa FARA, ngakhale idali itadya kale pafupifupi madola 2 biliyoni. Ntchito ya chombo chapakati idasiyidwa kuti ipitirire, pakuti kandege kopanda woyendetsa kangathe kuona mdani ndi kumuombera, koma sikadafike ponyamula gulu la asilikali ndi kulitula kuseri kwa phiri.

Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Boma lofuna liwiro, mtunda, katundu wochuluka ndi mtengo wotsika, zonse pa chombo chimodzi, lidzadikira zaka zambiri osalandira kanthu. Maboma amene alemba poyera malire a mtengo ndi chiwerengero cha zombo zokonzeka kuuluka achita mwanzeru, chifukwa adziikira muyeso umene anthu okhoma msonkho adzawaweruzire. Woweruza wina ndi msilikali wovulala amene wagona patali ndi chipatala, amene madokotala amati ayenera kufika m'manja mwawo lisanathe ola limodzi. Mtunda umene Black Hawk imauluka pa ola lathunthu, chombo chatsopano chiyenera kuutha pa mphindi zosapitirira 37.