Chinsinsi cha M'mimba mwa Loko

Tengani kiyi wa pakhomo panu ndipo muone m'mphepete mwake. Mupeza mano ataliatali ndi aafupi, ngati mapiri ndi zigwa zondondozana. Mano amenewa sanasemedwe mongokometsera. Dzino lililonse lili ndi ntchito yake m'kati mwa loko, ndipo amene amvetsa ntchitoyo akhoza kutsegula loko wina popanda kiyi. Pali anthu amene amachita zimenezi monga masewera, ndipo ali ndi magulu awo, monga gulu la TOOOL limene linayambira ku Netherlands. Iwo amagula maloko akale kumsika wa katundu wogwiritsidwa kale ntchito, n'kukhala nawo pansi madzulo onse mofatsa ngati anthu osewera bawo.

Tisanapite patali, timve malamulo awiri amene anthu a masewerawa amasunga. Loyamba, munthu amatsegula loko wake yekha, kapena loko amene mwini wake wamuloleza. Lachiwiri, sayeserera pa loko amene akugwira ntchito, monga wa pachitseko cha nyumba kapena wa panjinga, chifukwa loko akhoza kuwonongeka m'kati, banja lonse n'kugona panja. Ku Britain, ku South Africa ndi kumaiko ena, munthu wopezeka pamsewu ndi zida zotsegulira maloko popanda chifukwa chomveka akhoza kuyankha mlandu. Choncho kwa mwana wa msinkhu wanu, awa ndi masewera a patebulo la kunyumba, makolo ali pambali.

Tsono m'kati mwa loko muli chiyani? Tiyeni tiganize za loko wopachika, uja wa khosi lachitsulo lokhota amene timakolowekera pageti kapena pabokosi. Pamene timalowetsa kiyi pali kachitsulo kobulungira ngati kachidutswa ka choko, kamene kamazungulira kiyi akapotozedwa. Tikatche mtima wa loko. Mtimawu uli m'kati mwa thupi la loko, ndipo zinthu ziwirizi zinabooledwa timabowo toyang'anizana, kawirikawiri tinayi kapena tisanu. M'kabowo kalikonse muli timapini tiwiri tosanjikizana, kapansi ndi kapamwamba, ndipo pamwamba pawo pali kasipuling'i kamene kamatikankhira pansi. Loko akakhala wokhoma, kapini kapamwamba kamaima pakati, theka m'thupi, theka mumtima. Motero mtima sungazungulire, monga momwe chitseko cha kumudzi sichitseguka mpiringidzo ukapingasa.

Timapini tapansi n'tosiyana kutalika. Kiyi woyenera akalowa, dzino lililonse limanyamula kapini kake pamlingo wokwanira ndendende, kotero kuti pokumanira timapini tiwiri tija pamalingana ndi malire a pakati pa mtima ndi thupi. Timabowo tonse tikatero, palibenso chopingasa. Mtima umazungulira ndipo khosi limatumphuka. Kiyi wolakwika amanyamula kapini kena mopitirira, kena moperewera, ndipo loko sasuntha. Yerekezani kuti loko ali ndi timabowo 5 ndipo kapini kalikonse kangakhale ka misinkhu 10 yosiyana. Mukachulukitsa 10 ndi 10 kasanu, mupeza 100,000. N'chifukwa chake kiyi wa anansi anu satsegula chitseko chanu.

Nzeru imeneyi ndi yakale kwambiri. Anthu a ku Egypt wakale anali ndi maloko amatabwa okhala ndi timitengo togwera m'mabowo a mpiringidzo. Loko wa kiyi wamng'ono wophwatalala amene timamudziwa leroyu anakonzedwa ndi Linus Yale Jr. wa ku America, amene analembetsa luso lake kuboma mu 1861 ndi mu 1865.

Nanga amene alibe kiyi amatani? Chinsinsi chake chagona pa mfundo imodzi: palibe makina amene angaboole timabowo tisanu mumzere wowongoka kotheratu. Kabowo kena kamapatuka pang'ono, mwina mochepera kunenepa kwa tsitsi limodzi. Wotsegula amagwiritsa ntchito zida ziwiri. Choyamba ndi kachitsulo kopindika kamene amalowetsa pakhomo pa kiyi n'kukanikiza ndi chala mopepuka, ngati akufuna kupotoza mtima. Akatero, kapini kamodzi, ka m'kabowo kopatuka kwambiri kaja, kamapanikizika koyamba ndipo kamalimba, pamene tinzake tikadali tofewa. Chida chachiwiri ndi kachitsulo kowonda kokhala ndi kambedza kunsonga. Ndi kambedzako amafufuza kapini kolimbako n'kukakankha pang'onopang'ono mpaka kafike pamalire. Pamenepo pamamveka kaphokoso kakuti "thi", mtima umasuntha pang'ono zedi, ndipo kapini kapamwamba kamatsamira pamphepete osagwanso. Kenaka kapini kena kamalimba, ndipo ntchito imapitirira mpaka kotsiriza.

Kufotokoza n'kwapafupi, koma kuchita ndi nkhani ina. Maso saona kanthu m'katimo, ndipo zonse zimamveka m'nsonga za zala. Oyamba kumene pafupifupi onse amakanikiza mwamphamvu, poganiza kuti chitsulo chimamvera nyonga. Zikatero timapini tonse timalimba nthawi imodzi ndipo kambedza kamapindika. Mphamvu yofunika ndi yochepa ngati ija mumagwirira dzira. Ena amayamba ndi loko wa pulasitiki woonekera m'kati. Ndi wabwino pomvetsa mmene timapini timayendera, koma amazoloweza munthu kudalira maso, ndipo m'pofunika kumusiya msanga.

Loko wakale amavuta kuposa watsopano pa zifukwa zingapo. Amene wakhala pageti zaka zambiri, pamvula ndi pafumbi, amakhala ndi dzimbiri ndi litsiro m'timabowo, moti kapini kamene kakulimba chifukwa cha litsiro kamanyenga zala ngati ndi kaja kopanikizika. Timasipuling'i tina timakhala titatopa, ndipo kapini kakakwera sikabweranso. Anthu odziwa amayamba ayeretsa loko wotere ndi mankhwala opopera opangidwira maloko, n'kumusiya aume. Mafuta ophikira musathire ayi: amakoka fumbi ndipo pakapita masiku amasanduka phula.

Palinso maloko amene anapangidwa dala kuti anyenge wotsegula. M'malo mwa kapini kapamwamba kosalala, opanga amaika kowonda m'chiuno ngati mtondo wosinjiramo chimanga. Chiuno chija chikafika pamalire, mtima umazungulira kwambiri ndithu, ndipo wophunzira amasekerera poganiza kuti wapambana. Koma loko amaima pomwepo. Kuti apitirire, ayenera kuchita chinthu chimene mtima wa munthu sufuna: kufewetsa chala n'kulola mtima wa loko kubwerera m'mbuyo pang'ono, kuti mutu wa kamtondo kaja udutse. Nthawi zina pochita zimenezi timapini tina timene anali atakonza kale timagwa, ndipo amayambiranso. Komanso si maloko onse akale amene ali ndi timapini. Ena, a kiyi wamtali wokhala ndi kambendera kunsonga, ali ndi timasamba tachitsulo tosanjikizana, ndipo amafuna zida zina.

Amene watopa pa tsiku lachitatu amve nkhani ya loko wa Joseph Bramah. Mmisiri ameneyu analembetsa loko wake ku London mu 1784, ndipo m'kati mwake munali timazenera tachitsulo totsetsereka m'malo mwa timapini. Patapita nthawi, loko wina wopachika wa mtundu umenewu anaikidwa pawindo la sitolo yake mumsewu wa Piccadilly, pamodzi ndi lonjezo lakuti amene amutsegule popanda kiyi adzalandira ndalama zotchedwa guinea zokwana 200. Zinali ndalama zambiri. Bramah anamwalira mu 1814 loko akadali wokhoma, ndipo anakhala chomwecho zaka zambiri.

Mu 1851 ku London kunachitika chionetsero chachikulu cha zopangapanga za maiko ambiri, m'nyumba yagalasi yotchedwa Crystal Palace. Kumeneko kunabwera Alfred Charles Hobbs wa ku America, amene ankagulitsa maloko a kampani ya ku New York. Iye ankatsegula maloko a ena pofuna kuonetsa ogula kuti ake ndi olimba koposa. Anayamba ndi loko wotchuka wa Chubb, amene anamutsegula pasanathe ola limodzi. Koma wa Bramah anamutengera maola 51, m'masiku 16, akugwira ntchito m'chipinda ndi zida zimene anazikonzera loko ameneyu. Eni sitolo anatsutsa njira imene anatsata, koma oweruza amene mbali zonse ziwiri zinagwirizana anagamula kuti Hobbs alandire mphotho. Anthu ambiri a mumzindawo, makamaka osunga ndalama m'mabanki, anada nkhawa atamva kuti loko amene ankamukhulupirira wagonja, ndipo amisiri anayamba kupikisana pokonza maloko olimba kuposa akale. Hobbs anakhazikika ku London kwa zaka zingapo n'kutsegula kampani yake ya maloko. Loko wa Bramah uja tsopano amasungidwa ndi nyumba ya zinthu zakale ya Science Museum mumzinda womwewo.